Kansungwi kamodzi: masamu a woluka madengu ku Majaua

Dengu saliweruza poliyang'ana kumaso. Wogulitsa aliyense amadziwa mbali yoti aonetse wogula, ndipo mbali imeneyo siikhala ndi banga. Wofuna kudziwa luso la woluka alinyamule dengulo, aike chala pa mzere umodzi wa maluwa ake, n'kumalitembenuza pang'onopang'ono mpaka chala chibwerere pamene chinayambira. Penapake m'njiramo pali malo amene duwa loyamba lakumana ndi lotsiriza. Ngati wolukayo ndi katswiri, malowo simuwapeza, kaya muzungulire kangati. Ngati ndi wongoyeserera, mupeza chipsera: duwa latheka, kapena maluwa awiri opanikizana, kapena kansungwi kamene kalumpha tinzake tinayi pomwe tina tonse talumpha titatu. Ambiri akaona chipseracho amati manja anaterereka. Ine ndimakana. Chipsera chotere chimabadwa dengu lisanaime n'komwe, pa nthawi imene munthu anakhala pansi n'kuwerenga nsungwi zake, nasankha nambala yosagwirizana ndi maluwa amene anali nawo m'mutu.

Ku Majaua, m'boma la Milange, chigawo cha Zambezia ku Mozambique, zoluka si za pakhoma. Derali lili m'mphepete mwa Ruo, mtsinje umene ndiwo malire, ndipo ukauwoloka uli ku Thyolo. Anthu a tsidya lino ndi tsidya lina amamvana m'Chichewa ndi m'Chilomwe, amakwatirana, amagulana. Pa nkhondo ya ku Mozambique imene idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, anthu ambiri a ku Milange adakhala zaka ku Malawi n'kudzabwerera, ndipo luso la manja lidawoloka nawo popita ndi pobwera. Kuno ndi kwa chimanga ndi nandolo, ndipo chimanga sichifika m'mbale chisanadutse m'zoluka: dengu pochituta kumunda, nkhokwe pochisunga, lichero popeta, mphasa poyanika ufa. Kumtsinje kuli mono. Chinthu chogwira ntchito tsiku ndi tsiku chotere sichibisa cholakwika kwa nthawi yaitali.

Tiyambe ndi maluwa ozungulira khoma la dengu kapena la chitete. Duwa lililonse limadya tinsungwi towerengeka lisanabwereze. Tinene kuti limadya 6. Pamenepo tinsungwi tonse tozungulira dengulo tiyenera kugawika m'magulu a 6 popanda chotsala: 48, 54, 60, 66. Munthu akaika 62, maluwa 10 atuluka bwinobwino, koma tinsungwi tiwiri titsala tilibe kolowera, ndipo ndi tomweto timene timapanga chipsera chija. N'chifukwa chake mkulu wophunzitsa mwana wa mlongo wake salola kuti ntchito iyambe mothamanga. Amayala tinsungwi pansi m'magulumagulu, chala chachikulu chikupanikiza gulu lililonse, n'kunena kuti, "Werenganso, mphwanga. Tikatsala tiwiri usayambe." Mnyamata akati, "Takwana, amalume," mkuluyo amawerenganso yekha.

Woluka amene wagwira nsungwi zaka zambiri amadziwa kuti manambala sali ofanana mtima. Ena ndi owolowa manja, ena ndi ouma. Nambala 60 imalola pafupifupi chilichonse: duwa la 2, la 3, la 4, la 5, la 6, la 10, la 12, la 15, la 20, la 30. Pa dengu la tinsungwi 60 ukhoza kuika mzere wa maluwa a 4 pansi, wa 6 pakati, wa 10 kumtunda, ndipo yonse itsekeka popanda chipsera. Apa ndi pamene pali chinsinsi cha madengu amene amatikoka maso ndi mizere yosiyanasiyana: wolukayo sanangokhala ndi maluwa ambiri m'mutu, anasankhanso nambala yotha kuwanyamula onse. Tsono chotsanipo kansungwi kamodzi, titsale 59, kapena onjezerani kamodzi, tikhale 61. Ufulu wonse uja watha. Nambala ziwirizi sizigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Mwana wa sukulu ku Majaua amazimva m'Chipwitikizi kuti números primos, mnzake wa ku Thyolo amazimva kuti ma prime. Kwa woluka maluwa otsekeka, nambala yotere ndi khomo lotseka.

Munthu amene adalemba zimenezi mozama ku Mozambique ndi Paulus Gerdes, wobadwira ku Netherlands mu 1952, amene adabwera m'dzikoli mu 1976, nakhala nzika, naphunzitsa masamu ku Maputo, namwalira mu 2014. Iye pamodzi ndi Gildo Bulafo adatulutsa buku mu 1994 lonena za sipatsi, tizikwama tolukidwa ndi anthu olankhula Gitonga ku Inhambane. Adasonkhanitsa maluwa ambirimbiri a tizikwamati ndipo adaonetsa kuti olukawo amasunga lamulo lomweli: zingwe zonse ziyenera kugawika ndi nambala ya zingwe za duwa limodzi, apo ayi chikwama sichitsekeka bwino. Adalembanso buku lotchedwa Otthava, lonena za zoluka za Amakhuwa, amene chinenero chawo n'chapachibale ndi Chilomwe. Chimene ndimalemekeza mwa Gerdes n'chakuti sadayang'ane dengu ngati chotsalira cha makolo choti tichimvere chisoni. Adaliwerenga ngati ntchito ya munthu woganiza, yokhala ndi malamulo amene ukhoza kuwatsata kapena kuwaphwanya.

Koma nkhaniyi ikadathera pomwepo ikadakhala yopepuka: nambala zogawika ndi zabwino, ma prime ndi oipa. Si choncho ayi, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti lusoli ndi lakuya kuposa momwe timaliyesera.

Pali kalukidwe kena, kozungulira mosalekeza. Woluka amaimika nsungwi zoimirira mozungulira, monga pa nkhokwe kapena pa mono, n'kutenga kansungwi koyenda kumakalowetsa kutsogolo kwa imodzi, kuseri kwa yotsatira, kutsogolo, kuseri, osaima. Kakatha amalumikiza kena n'kupitiriza kukwera. Apa lamulo latembenuka. Zoimirira zikakhala zogawika pawiri, tinene 40, kansungwi kakamaliza ulendo woyamba kabwerera ndendende m'njira yake yakale: pamene kanadutsa kutsogolo kadutsanso kutsogolo. Mizere ingosanjikizana osamangana, ndipo khomalo silingagwire. Zikakhala 41, kotsala kamodziko kamakankhira ulendo wachiwiri mbali ina, pamene panali kutsogolo pakhala kuseri, ndipo khoma limangika lokha. Woluka amene wapezeka ndi nambala yogawika pawiri ali ndi njira zake zozembera. Akhoza kung'amba yoimirira imodzi kuti zikhale ziwiri, kapena kuyendetsa tinsungwi tiwiri motsatana, kapena kulumpha ziwiri pamalo amodzi ulendo uliwonse. Njira yotsirizayi ndi ya ulesi, ndipo imaoneka.

Zimakoma kwambiri kansungwi kakamalumpha zitatu kutsogolo, zitatu kuseri, kalukidwe kamene kamatulutsa mizere yopendekera ngati masitepe. Duwa lake limadya 6. Kuti masitepewo azisuntha kamodzikamodzi ulendo uliwonse, zoimirira ziyenera kupitirira gulu la 6 ndi imodzi, kapena kuperewera ndi imodzi: 35, 37, 41, 43, 47, 49, 53, 55, 59, 61. Yang'anani mndandandawo bwino. Muli ma prime ambiri, ndipo si mwangozi. Prime aliyense woposa 3 amakhala moyandikana ndi nambala yogawika ndi 6, chifukwa malo ena onse ndi a nambala zogawika ndi 2 kapena ndi 3. Si onse okhala pamenepo amene ali ma prime, poti 35 ndi 5 kuchulukitsa ndi 7, ndipo 49 ndi 7 kuchulukitsa ndi 7. Koma prime aliyense wamkulu ali pamenepo. Ndiye 59 ndi 61 aja, amene anali khomo lotseka kwa woluka maluwa otsekeka, ndiwo abwenzi a woluka mozungulira. Nambala payokha si yabwino kapena yoipa. Funso n'lakuti ukufuna chotsala kapena sukuchifuna, ndipo katswiri amayankha funso limeneli asanagwire mpeni.

Kansungwi kamodzi kowonjezera kameneka kali ndi mbiri yaitali m'masamu. Euclid, amene adakhala ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Khristu asanabadwe, adakagwiritsa ntchito posonyeza kuti ma prime alibe mapeto. Nzeru yake ndi yoti woluka aliyense angaimve. Tenga ma prime alionse amene uli nawo, uwachulukitse pamodzi, uwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo ukaigawa ndi aliyense wa ma prime ako aja, patsala 1 nthawi zonse. Choncho kaya iyo yomwe ndi prime watsopano, kaya imagawika ndi prime wina amene sunali naye. Mwachitsanzo 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 akachulukitsidwa amapereka 30,030. Ukawonjezera 1 upeza 30,031, amene si prime, koma ndi 59 kuchulukitsa ndi 509, ma prime awiri amene sanali pa mndandanda.

Tikakwera ku manambala akuluakulu, kuyandikana kwa owolowa manja ndi ouma kumapitirirabe. Nambala 420 imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 7, ndipo anansi ake onse awiri, 419 ndi 421, ndi ma prime. Nambala 2,520 ndiyo yaing'ono kwambiri yogawika ndi zonse kuyambira 1 mpaka 10. Ili ndi nambala zoigawa 48, pomwe 2,521 ndi prime. Imene ndimaikonda ine ndi 720,720. Ndi 16 kuchulukitsa ndi 9, ndi 5, ndi 7, ndi 11, ndi 13. Imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16, ndipo zoigawa zake zonse ndi 240. Palibe nambala yocheperapo imene ili ndi zoigawa zambiri chotere. Srinivasa Ramanujan, katswiri wa ku India, adalemba za manambala a mtundu umenewu mu 1915, ndipo 60, 120, 360 ndi 2,520 onse ali m'gulu lomwelo. Palibe munthu adzaluke dengu la tinsungwi 720,720. Koma woluka amene amasankha 60 m'malo mwa 62 akufunafuna khalidwe lomwelo limene Ramanujan ankalitsata, pa msinkhu wokwana m'manja.

Akatswiri akale anali ndi kagawidwe kenanso. Nicomachus wa ku Gerasa, cha m'ma 100 Khristu atabadwa, ankaphatikiza zoigawa zonse za nambala, kusiya iyo yomwe. Zikapitirira nambalayo ankaitcha yosefukira, zikaperewera yoperewera, zikakwana ndendende yangwiro. Zoigawa za 60 zimakwana 108, ndiye ndi yosefukira. Za prime aliyense zimangokhala 1. Zangwiro n'zosowa: 6, 28, 496, 8,128, kenaka mpaka 33,550,336. Kagawidwe aka sikathandiza woluka kwenikweni, ndipo sindikakamiza kuti kalowe m'dengu.

Chimene chimalowa m'dengu mosakakamiza ndi ichi. Lukani mozungulira, kansungwi kakulumpha ziwiri kutsogolo, ziwiri kuseri, ndiye kuti duwa likudya 4. Zoimirira zikakhala 61, ukazigawa m'magulu a 4 patsala 1, ndipo masitepe apendekera mbali imodzi. Zikakhala 59 patsala 3, kapena tinene kuti paperewera 1, ndipo masitepe apendekera mbali inayo. Ma prime onse kupatula 2 amagawika m'mabanja awiri amenewa, otsala 1 ndi otsala 3. Katswiri wa masamu Pierre de Fermat mu 1640 adanena kuti prime aliyense wa banja loyamba ndi phatikizo la masikweya awiri (sikweya ndi chotuluka ukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe), monga 13 amene ndi 4 ndi 9, kapena 29 amene ndi 4 ndi 25, pomwe wa banja lachiwiri sangatero. Padapita zaka zoposa 100 kuti Leonhard Euler atsimikize. Tsono tembenuzani lichero muyang'ane pakati pake. Malichero ambiri amayambira pa mtima umene maluwa ake amakula mozungulirana, ngodya zinayi, m'mbali muli mano. Jambulani duwa lotere pa timabokosi muwerenge mzere ndi mzere: 1, 3, 5, 7, 9, 11, kenaka kutsika 9, 7, 5, 3, 1. Kukwerako kukwana 36, kutsikako 25, zonse pamodzi 61. Masikweya awiri a Fermat, 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5, ali pansi pa mphale imene mayi akupeta. Gerdes adagwiritsa ntchito maluwa a mano amenewa pofotokoza lamulo la Pythagoras, m'buku lake lotchedwa Pitágoras Africano.

Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku America, pogwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri, adapeza prime woposa onse odziwika pa nthawiyo. Kuti umupeze utenge ma 2 okwana 136,279,841, uwachulukitse onse pamodzi, uchotsepo 1. Kumulemba kumafuna madijiti 41,024,320. Ndi kamodzi kaja kachiwirinso, ulendo uno kochotsa. Nambalayi munthu sangaiwerenge mokweza m'chaka chathunthu cha masiku ogwira ntchito, komabe tingathe kunena khalidwe lake mosakayika. Mulu wa ma 2 uja umagawika ndi 4, ndiye ukachotsapo 1 paperewera 1. Ili m'banja la 59, si phatikizo la masikweya awiri, ndipo masitepe ake akadapendekera mbali imene a 59 amapendekera. Chimene chimandigwira mtima pamenepa n'chakuti kudziwa nambala si kuiona yonse. Ndi kudziwa chimene chimatsala ukaigawa, ndipo chimenecho ndicho woluka amafunsa tsiku lililonse.

Pano ndiyenera kuchenjeza anzanga okonda kutamanda za makolo. Woluka wa ku Majaua sanatsimikize lamulo la Fermat, ndipo kunena kuti anatero n'kumunamizira. Chimene ali nacho ndi china: amadziwa ndi zala kuti nambala iyi itseka, iyi siitseka, iyi ipendekera kuno. Katswiri wa masamu amafuna chifukwa chogwira ntchito pa nambala zonse, ngakhale zimene palibe adzazigwire. Woluka amafuna dengu losataya nandolo. Nzeru ziwirizi n'zapachibale koma si imodzi, ndipo kuzisakaniza kumachepetsa zonse ziwiri. Zoterezi zidachitikapo ndi fupa la ku Ishango, limene Jean de Heinzelin adalifukula mu 1950 pafupi ndi nyanja ya Edward ku Congo, la zaka pafupifupi 20,000. Mzere wina wa fupalo uli ndi zolemba m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19, amene ndi ma prime onse a pakati pa 10 ndi 20. Ena adathamangira kulengeza kuti wosemayo ankadziwa ma prime, ena amatsutsa mpaka lero. Dengu lili ndi mwayi umene fupa lilibe: mwini wake ali moyo, ali pa khonde, ndipo ukhoza kukhala naye pansi n'kumufunsa chifukwa chimene wang'ambira yoimirira imodzi pawiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa zoluka za masiku ano si pulasitiki. Madengu olukidwa ndi malamba a pulasitiki amene adzaza m'misika amamvera malamulo omwewa, ndipo ena mwa iwo amatsekeka mwaukhondo kuposa a nsungwi. Chondidetsa nkhawa ndi utoto wogwiritsidwa ntchito ngati chophimba. Utoto wofiira ndi wobiriwira umakoka maso, wogula n'kuiwala kutembenuza dengu, ndipo woluka wachinyamata amaphunzira msanga kuti kuwerenga sikulipira, chimalipira ndi kuwala. Kunena zoona, utoto umayenera kukhala mayeso ovuta kwambiri, chifukwa kansungwi kofiira kakasochera pa mzere kamaonekera patali. Katswiri akapaka utoto amakhala akudziika poyera. Wongoyeserera amadzaza mitundu yambiri mosatsata dongosolo kuti diso lisapeze poyambira kuwerenga. Dengu la mtundu umodzi wa nsungwi, limene maluwa ake amangooneka dzuwa likaliwomba chammbali, nthawi zambiri limakhala ndi luso loposa la mitundu isanu.

Oluka nsungwi ambiri kuno ndi amuna, koma oweruza enieni ndi amayi, ndipo iwo utoto suwapusitsa. Onani mayi akugula lichero pamsika. Amalikweza kudzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa, poti podutsa kuwala padutsanso ufa. Amalipanikiza pakati ndi chikhatho kuti amve ngati libwerera. Amayendetsa chala m'mphepete kufuna tinsungwi totuluka timene tingamubaye popeta. Kenaka amaligwira mbali zonse ziwiri n'kuliponya m'mwamba kamodzi kapena kawiri lopanda kanthu, kuyesa ngati lili ndi mbali yolemera. Sawerenga tinsungwi, koma lichero limene mtima wake unasochera pakati, chifukwa mbali ina inalandira tinsungwi tambiri kuposa inzake, amalimva m'manja n'kulibweza.

Ndipo pa lichero pomwepo ndi pamene masamu a kugawa amalekezera. Woluka amayamba ndi chinthu chafulati cha ngodya zinayi, chowerengeka bwinobwino. Akatha amachinyowetsa kuti chifewe, n'kuchikankhira mkati mwa mkombero wozungulira, kudula ngodya zotsala kunja, ndi kusoka mkomberowo mwamphamvu. Kukankhako kulibe nambala. Ukapanikiza kwambiri lichero lizama ngati nsengwa ndipo silipeta. Ukanyengerera likhala lafulati, chimanga n'kumathawa. Kusoka kukakhala kotalikirana, mkombero umasuka mvula isanathe. Nsungwi nayonso ili ndi zake. Yodulidwa yanthete imafota ikauma, n'kusiya mipata pamene panali pothina, ndipo siichedwa kufumbwa. Yokhwima bwino, yong'ambidwa mofanana ndi kupalidwa mpaka makulidwe a tinsungwi tonse alingane, ndiyo imalola kuti nambala imene woluka anasankha ioneke. Tinsungwi 60 tosiyana makulidwe timapotoza maluwa ngakhale kuwerenga kunali kolondola, ndipo lichero lotere mayi uja amalibwezanso.